Chilembo Chimene Chidabala Mkango

Zefaniya Katsekera ankasita malaya ake oyera pakhonde, m'mawa wa Lachiwiri, pamene mkazi wake Nachisale adatulukira kuchokera kumsika dengu lili lopanda kanthu. Adaliika pansi n'kukhala pampando ngati munthu wochokera kumaliro.

"A Nagama awamanga," adatero.

"A Nagama ake ati?"

"Muli ndi a Nagama angati inu? A zitumbuwa."

Zefaniya adasiya simbi ya makala pomwe idali, pamsana pa malaya. "Alakwa chiyani mayi aja?"

"Akuti anyoza mfumu. A Vomerani, nduna ija, anaimitsa galimoto kuti agule zitumbuwa. Atadya, m'malo mopukutira m'manja pepala lokulungira ngati anthu ena onse, iwo anayamba kuliwerenga." Nachisale adamuyang'ana mwamuna wake kwa kanthawi. "Mapepala aja mumawapatsa ndinu, bambo a Tereza."

Fungo la nsalu yopserera ndi limene lidamudzutsa. Atanyamula simbi adapeza yasiya chithunzi chake chonse pamsana pa malaya, chofiirira bwino ngati chidindo cha boma. Malaya oyera adali nawo amodzi omwewo.

Izi zidachitika mu Ufumu wa Tilibwino, dziko limene ngakhale munthu ali pamachira, ukamufunsa mmene wadzukira amayankha dzina la dziko lake. Likulu lake lidali mzinda wa Gwiramkango. Mwana aliyense wa sukulu ankadziwa kumene dzinali lidachokera: Salakwa Woyamba, agogo ake a mfumu, adagwira mkango ndi manja pa dooko la mtsinje. Mkangowo udali pa mbendera, pa chipata cha msika, pa malaya a ana a sukulu, ndipo pakati pa mzinda padali wina wa simenti umene ankaupaka penti kawiri pa chaka. Kudalinso Unduna wa za Mkango, nyumba yosanja katatu, ndipo a Vomerani ndiwo adali nduna yake. Okalamba ena ankanong'ona kuti chibadwire dera limenelo lidali la afisi okhaokha, koma ubwino wa okalamba ndi wakuti sakhalitsa.

Zefaniya adali wosunga Nkhokwe ya Mbiri. Idali shedi yakale ya fodya kuseri kwa depoti ya basi, ndipo m'menemo mudali zonse zimene mzinda udaiwala. Mudali mapu a nthawi imene nyumba zidali zisanu ndi ziwiri, mabuku a ubatizo, zithunzi za chigumula chachikulu, makalata amene amuna a kumigodi ankalembera akazi awo, ndi buku la wopalasa bwato lotchula aliyense amene adawoloka. Mudalinso mitolo ya madandaulo opempha mlatho, oyambira zaka makumi asanu zapitazo. Mlathowo udali usanamangidwe, koma madandaulo ankasungidwa bwino. Owerenga okhulupirika a m'Nkhokwemo chidali chiswe. Icho chikayamba buku sichinkalumpha tsamba.

Koma m'Nkhokwe mudali chinthu china chimene Zefaniya ankachisunga mosamala kuposa mapu.

Ali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi, atangoyamba ntchito, adamupatsa tsamba la m'buku la mlaliki wina wakale, dzina lake Tadeyo, kuti alitayipe, chifukwa mfumu ya nthawi imeneyo inkafuna kudziwa za bambo ake. Mlalikiyo adalemba ndi dzanja kuti: "Tsiku limenelo pa dooko ndikadafa ine, koma munthu wina dzina lake Salakwa adathamanga nagwira mkanjo ndi manja ake, osautaya mpaka anthu adafika." Nkhani yake idali yakuti mlalikiyo adaterereka powoloka, madzi n'kumukokolola, mlimi wodutsa n'kumugwira chovala.

Pa makina otayipira, pakati pa g ndi j pali chilembo chimodzi chokha. Ndipo sabata imeneyo Zefaniya ankadikira yankho kwa mtsikana wina wa m'kwaya wotchedwa Nachisale. Chala chidaphonya. Mkanjo udasanduka mkango.

Adazindikira patapita masiku asanu ndi limodzi. Pamenepo n'kuti mfumu itawerenga kale tsambalo pa wailesi, misozi ili m'maso. Mwezi usanathe, mzinda umene unkatchedwa Padooko udasinthidwa dzina. Chaka chisanathe simenti ya mkango idafika, ija imene anthu ankayesa ndi ya mlatho.

Zefaniya adali munthu wopemphera. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse asanatsekule Nkhokwe, ankagwada pakati pa mashelefu nati, "Ambuye, ndipatseni kulimba mtima kuti ndiulule." Kenaka ankawonjezera chapansipansi, "Koma musafulumire." Pempho lachiwirilo lidayankhidwa mokhulupirika.

Tsamba la mlaliki lija sadathe kuliotcha. Wosunga mbiri saotcha pepala, ndipo mkhristu sawononga umboni. Tsono mwezi wathawo, mvula itadontha ndi kunyowetsa shelefu yonse, adasonkhanitsa mapepala oonongeka kuti akapatse Nagama okulungira zitumbuwa, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo tsamba lija lidalowa pakati pa mtolowo. Adadziuza kuti lalowa lokha.

Nagama adali mayi wamasiye. Tsiku ndi tsiku, nthawi ya teni koloko, ankadutsa pa Nkhokwe n'kusiya chitumbuwa chimodzi chotentha pawindo, osanena kanthu. Tereza, mwana wa Zefaniya, atagonekedwa m'chipatala ali wamng'ono, Nagama ndiye ankafika ndi phala mbandakucha. Munthu ameneyu ndiye adali m'chitokosi.

Lachiwiri limenelo Zefaniya adapita kuntchito n'kukafumbata mapu tsiku lonse. Lachitatu kudafika kalata ya chidindo. Inkamuitana kubwalo la mfumu Lachisanu kuti, monga katswiri, akatsimikize kuti pepala lija ndi labodza. Akatero, mayi amene ankati adalilembayo adzawolotsedwa mtsinje, osadzapondanso mumzinda.

Madzulo adazungulira ku msika wa Tsitsaniko. Pamalo pa Nagama padangotsala mafuwa atatu ndi phulusa. Pafupi pake Jailosi, wogulitsa usipa, ankapirikitsa ntchentche ndi kanthambi.

"A Mbiri afika," adatero Jailosi. "Mwabwera ndi mapepala? Ife tsopano tikuopa. Munthu ungakulunge usipa n'kupezeka wagwetsa boma."

"Ndangodutsa," adayankha Zefaniya.

"Koma musasiye, akulu. Sukulu yathu ndi imeneyi. Ine ndidadziwira pa pepala la usipa kuti munda wa agogo anga ndi uja nduna zimaseweramo kampira koyera. Ndikamadutsa ndimavula chipewa, kupereka moni kwa chinangwa chathu."

Mayi wina wa tomato adaseka. "Ine ndidapeza kalata ya malume anga akumigodi. Akuti, 'Ndibwera Khirisimasi.' Mpaka pano tikusesa pabwalo."

"Nanga za a Nagama mwamva zotani?" adafunsa Zefaniya, maso ali pa phulusa.

"Akuti adalemba okha kalata ya zaka zana," adatero Jailosi. "Mayi amene dzina lake lomwe amasaina ndi chala. Akatuluka tiwapempha atsegule koleji."

Lachinayi Nachisale adapita kuchitokosi ndi chakudya. Atabwerako adapeza mwamuna wake atakhala pansi pa mtengo wa mango, Baibulo lili pamwendo, lotseka.

"Akupatsani moni," adatero Nachisale. "Akuti musadandaule, sanakutchuleni. Iwo auza apolisi kuti mapepala amangotola m'njira. Akutinso nkhuku zawo wina azipatse madzi."

Zefaniya adaika Baibulo pambali. Kenaka, kwa nthawi yoyamba, adamuuza mkazi wake zonse: makina otayipira, chala chophonya, tsamba lolowa lokha mumtolo. Adadikira kuti mayiyo adzidzimuke.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyi," adatero Nachisale akumasula mpango. "Zaka zonsezi mumabwebweta kutulo kuti mkanjo, mkanjo. Ine ndinkayesa mukufuna ubusa."

"Ndichite chiyani, mayi a Tereza?"

"Choyamba kapatseni nkhuku madzi. Zinazo mukuzidziwa. Mlandu suola."

Adapita kukapatsa nkhuku madzi. Pobwerera adakonza mawu oti akanene kubwalo, mawu amene sadali bodza lenileni komanso sadali choonadi: akanena kuti pepalalo ndi la mafuta kwambiri, ndipo maso ake akalamba. Adawayeserera katatu n'kuona kuti akukhala bwino pakamwa.

Lachisanu kudatentha ngati m'ng'anjo. Zefaniya adavala jekete yaubweya pamwamba pa malaya opserera aja, n'kumanga mabatani onse.

Bwalo la mfumu lidali lodzaza. Mfumu Salakwa Wachitatu idakhala pa mpando wa miyendo ya mkango, anthu awiri akuikupiza. Kumanja kwake kudali a Mwatero, mlangizi wamkulu, munthu amene ntchito yake idali kupeza nzeru m'zimene mfumu yanena kale. Nagama adamukhazika pansi, pasimenti, pambali pake pali kapu ya madzi. Chiwaya chake chidali patebulo ngati umboni.

A Vomerani adalankhula maola awiri. Adati mkangowo udali waukulu ngati ng'ombe ziwiri, ndipo kafukufuku wa unduna wawo waonetsa kuti chaka chilichonse ukukulirakulira. Adati mdani wa dziko sabweranso ndi mkondo, amabwera ndi ufa, nthochi ndi mafuta. Adapempha bwalo liganizire zokhazikitsa nthambi yoona za zitumbuwa, yokhala ndi galimoto zake. Pomaliza adanyamula pepala lija ndi nsonga za zala.

"Wosunga Nkhokwe aimirire. Tauzani mfumu, a Katsekera: kodi ichi ndi cholembedwa chenicheni, kapena ndi bodza la mayi uyu?"

Zefaniya adaimirira. Thukuta linkatsika m'khosi ngati mvula ya pa denga. Adalandira pepalalo. Adalizindikira ngati nkhope ya m'bale wake: inki yofiirira, zilembo zopendekera kumanja, ndi j wa mlaliki uja, mchira wake wautali bwino, woti ngakhale mwana sangamuyese g. Adatsekula pakamwa kuti anene za mafuta ndi maso okalamba, koma lilime lidauma, ndipo bwalo lidayamba kuzungulira.

Pamenepo adamva chinthu chikukhwekhwereza pa simenti. Nagama ankakankhira kapu yake ya madzi kumapazi ake.

"Imwani, a Katsekera," adatero mayiyo motsitsa. "Ndipo vulani chijeketecho, mukomoka."

Adamwa. Adavula jekete. Anthu a kumbuyo adaona chithunzi cha simbi pamsana pake, ndipo kuseka kudayambira kumeneko n'kufalikira mpaka kwa okupiza mfumu. Zefaniya adaima pakati pa kusekako nazindikira chinthu chodabwitsa. Manyazi amene adawathawa zaka makumi atatu ndi chimodzi adali atafika, ndipo iye adali akupumabe.

"Mfumu yanga," adatero, "pepalali ndi lenileni. Lachokera m'Nkhokwe, ndipo ndidawapatsa mayiwa ndine. Iwo sadziwa kuwerenga. Mawu ali apa ndi mkanjo. Agogo anu adapulumutsa mlaliki amene ankakokoloka ndi madzi. Mkango ndidaubweretsa ndine, ndi chala ichi."

Adakweza chalacho kuti achione. Sichinkaoneka ngati chala choti n'kubala chilombo.

Okupiza adaleka kukupiza. Mfumu idaweramira kutsogolo.

"Ukunena kuti agogo anga adagwira chovala?"

"Munali munthu m'kati mwake, mfumu yanga."

"Koma chovala."

"Inde, mfumu yanga."

A Vomerani adakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuona nyumba yosanja katatu ikumira. Nduna zina zidayang'ana mikango ya pa mataye awo. Zefaniya adatseka maso kudikira chilango, ndipo kunena zoona mtima wake udali ukuchilakalaka.

Ndipo a Mwatero adatsokomola.

"Mfumu yanga, tisathamange. Dzina lanu ndi Salakwa. Bambo anu, amene adawerenga nkhaniyi pa wailesi, adalinso Salakwa. Mlembi wa mfumu ndi dzanja la mfumu, ndipo dzanja la Salakwa silingalakwe. Tsono ngati mfumu sinalakwe, mlembi sanalakwe, pepala ndi lenileni, watsala ndani?" Adayang'ana uku ndi uku. "Chilembo. Chalakwa ndi chilembo. J ameneyu ndi g wopunduka, amene wakhala akusocheretsa anthu anu. Mnyamata uja pa makina adangochiona msanga."

Nkhope ya mfumu idawala. Nthawi yomweyo lamulo lidalembedwa: kuyambira tsiku limenelo chilembo cha j chaletsedwa mu Ufumu wa Tilibwino, polemba ndi polankhula, ndipo paliponse pamene chidali pazikhala g.

"Tsopano werenganso pepalalo mwalamulo," idatero mfumu. "Kuseri kwakenso."

Zefaniya adatembenuza tsambalo. Kuseriko mlaliki adalemba kuti mlimi uja adamupatsa mbatata yootcha, n'kumuyanikira mkanjo pa chitsamba. Adawerenga monga mwa lamulo.

"Mwamva?" idatero mfumu. "Atatha kuugwira adauyanika pa chitsamba. Izi ngakhale bambo anga sadazidziwe."

Nduna ya za chakudya idaimirira ndi chimwemwe kudziwitsa bwalo kuti njala, imene idavuta zigawo za kumwera zaka zitatu, yatha mphindi yomweyo, chifukwa tsopano kuli ngala zokhazokha. A Vomerani, atatsitsimuka, adalamula anthu onse kuti aombe m'manga. Asilikali a pakhomo adangomva mawu omalizawo, n'kumanga anthu awiri amene adali pafupi.

Mlandu wa Nagama udathera pomwepo, popeza zidaoneka kuti mayiyo ankafalitsa umboni wa mkango kwaulere. Adamuuza kuti azipita. Chiwaya chake adachigamula kuti ndi chuma cha dziko, chikasungidwe ku Nkhokwe ya Mbiri. Zefaniya adamuveka mendulo pa malaya opserera omwewo, chifukwa chokhala munthu woyamba kuchotsa chilembo choipa. Adayang'ana m'bwalo kufuna Nagama, koma mayiyo adali atatuluka kale, akutsimphina, mwendo utachita dzanzi ndi simenti.

Kunyumba adaika mendulo patebulo. Nachisale adaitembenuza ndi chala.

"Ndaulula tchimo langa pamaso pa dziko lonse," adatero Zefaniya, "ndipo andipatsa mphotho."

"Mwaulula kwa anthu amene simudawalakwire," adayankha Nachisale. "Mfumu idagona m'chitokosi?"

Loweruka m'mawa Zefaniya adatsekula Nkhokwe. Chiwaya chidali chitafika kale, atachimata kapepala ka nambala. Adagwada pakati pa mashelefu monga mwa masiku onse, koma pemphero lake lidali lalifupi, ndipo mbali yachiwiri ija adaisiya. Adamatula kapepalako, nasenza chiwayacho pamutu, n'kudutsa nacho pa depoti, pa mkango wa simenti, mpaka ku Tsitsaniko.

Msika udali utalandira kale lamulo. Okonza njinga adali atafufuta chikwangwani chawo n'kulemba nginga. Pa chipata padaima wapolisi ndi kabuku kolembamo aliyense wotchula chilembo choletsedwa.

"Taonani a Mbiri asenza mbiri," adatero wogulitsa usipa uja. "Ine ndi Gailosi tsopano, akulu. Mkazi wanga akuti adakwatiwa ndi munthu wina, ndiye banga lathu latha."

"Abusa athu mawa avala mkango," adatero mayi wa tomato. "Tikakhala kumbuyo."

"Ana anga agona ndi ngala dzulo," wina adaponyapo. "Akuti imapweteka chimodzimodzi."

Nagama adali pamalo pake. Ankakazinga m'kachiwaya kobwereka, kakang'ono, kolowa zitumbuwa zinayi zokha, ndipo pambali pake padali masamba a nthochi okulungira. Maso ake adali olowa m'kati. Zefaniya adatula chiwaya pafupi ndi mafuwa.

"Zikomo," adatero Nagama, osasiya kutembenuza. "Nkhuku ndazipeza zili bwino. Akuti munazipatsa madzi ndinu."

"Ndi ine."

Mayiyo adavuula chitumbuwa chimodzi, nachikulunga m'tsamba, n'kumupatsira. Zefaniya sadachilandire. Adavula chipewa, nagwada pa dothi, pakati pa makoko a nthochi ndi mamba a nsomba. Mawondo ake adalira.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa," adatero chapansipansi. "Pepala lija silidalowe lokha mumtolo."

"Mwati chiyani? Khutu ili lagontha ndi simenti ya kuchitokosi. Kwezani mawu."

Zefaniya adacheuka. Jailosi adali atasiya ntchentche. Mayi wa tomato adali ataima, tomato ali m'manja. Wapolisi uja adali atasendera pafupi, pensulo ili pa kabuku. Mafuta okha ndiwo ankalira m'chiwaya.

Adakweza mawu, mpaka a kumakala ndi ogulitsa zovala za salaula adamva.

"Ndidakupatsani pepala lija ndikulidziwa, chifukwa ndinkaopa kulisunga. Mudagona m'chitokosi masiku atatu osanditchula, ine ndili kunyumba kukonza bodza. Udali mkanjo, amayi. Munthu adagwira mnzake mkanjo kuti asamire, ine ndidakutayani m'madzi. A Nagama, ndikhululukireni."